MDULIDWE NDI OPALESHONI: BALA LIFUNA MILUNGU 6

Popitiriza nkhani zathu za Edzi, mlungu uno tiyeni tione za mdulidwe wa kuchipatala, makamaka kwa anyamata amene amapeza zosowa zawo pa Msika wa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. Ambiri a iwo ndi omaliza sukulu, ndipo ntchito yawo ndi kusenza mabelo a kaunjika ndi kuima tsiku lonse poitanira malonda.

Matenda a Edzi anadziwika koyamba m'Malawi muno m'chaka cha 1985. Patapita zaka 20, akatswiri ofufuza ku Orange Farm m'dziko la South Africa, kenaka ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda, anapeza kuti mdulidwe umachepetsa ngozi yakuti mwamuna atenge HIV kwa mkazi ndi magawo pafupifupi 60 pa 100. M'chaka cha 2007 mabungwe a WHO ndi UNAIDS anavomereza njirayi, ndipo boma lathu linayamba ntchitoyi mu 2011. Kuno ku Lilongwe amuna ambiri analandira chithandizochi pa chipatala cha Bwaila, chimene kale tinkati Bottom, kufupi ndi msikawu.

Koma tisaiwale kuti mdulidwe ndi opaleshoni, ndipo opaleshoni ili ndi malamulo ake. Mbali yoyamba ya malamulowo ndi ya achipatala. Iwo ayenera kusamba m'manja, kuvala magolovesi atsopano pa munthu aliyense, kutaya singano ikangobaya kamodzi, ndi kuphika zitsulo zonse m'nthunzi yotentha madigiri 121. Mpeni umodzi ukacheka anthu awiri usanaphikidwe, ntchito yoteteza imasanduka njira yofalitsira matenda. Ngati wachipatala wadzibaya ndi singano ya wodwala, ayambe mankhwala oteteza pasanathe maola 72, ndi kuwamwa masiku 28.

Mbali yachiwiri ndi ya mwini bala, ndipo apa ndi pamene pali vuto. Achipatala amamuuza kuti apumule masiku oyamba, asanyowetse bandeji, abwerere kuti akalione bala pa masiku amene amupatsa, ndipo asagone ndi mkazi kufikira itatha milungu 6. Bala losapola ndi khomo lotseguka: kachilombo kamalowa mosavuta, ndipo ngati mwamunayo ali nako kale angapatsire mkazi wake. Kuthira phulusa, dothi kapena zitsamba pabala kumaitana kafumbata, matenda amene amapha msanga.

Nanga n'chifukwa chiyani ena samvera? Si umbuli wokha ayi. Wantchito wa mu ofesi ku City Centre angapemphe tchuthi, malipiro ake osachepa. Wamalonda wa pa Tsoka akagona kunyumba tsiku limodzi, ana ake agona ndi njala. Choncho amabwerera msanga kukasenza belo, ulusi n'kuduka, magazi n'kuyamba kutuluka. Ndipo chifukwa cha manyazi amangogula mapiritsi pamsika m'malo mobwerera kuchipatala. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tsono wofuna mdulidwe ayambe wakonzeka. Asunge kandalama ka masiku opumula, apemphe mnzake womusungira benchi, ndipo ngati ali pabanja akambirane ndi mkazi wake za milungu 6 ija asanapite. Inu aphunzitsi, langizani ophunzira anu kuti nthawi yabwino ndi ya tchuthi, ndipo muwauze zoona zonse: 60 si 100. Wodulidwa ayenerabe kuyezetsa magazi, kugwiritsa ntchito kondomu ndi kukhala wokhulupirika. Dokotala amatsiriza mbali yake m'mphindi zowerengeka. Yotsalayo ili m'manja mwa mwini bala.

Mlungu wa mawa tidzaona za malezala a ometa tsitsi ndi otema mphini.