Musangomvera chisoni thole, yang'anani nthiti za make

 Lero ndalemba zambiri, ndiye amene bandulo yanu yatsala pang'ono mudzawerenge mawa. Nkhani yake ndi ya ng'ombe, makamaka inu a m'tauni amene munagula ng'ombe n'kudzatisungitsa ife kuno.

Sabata ino ndikuletsa ana a ng'ombe awiri kuyamwa. Onse anabadwa mvula itangoyamba, ndiye pano akwana miyezi 7. Nditangonena zimenezi pa foni, mlamu wanga wina anati, "Alamu, nkhanza zimenezo bwanji? Musiyeni mwana ayamwe, adzasiya yekha." Mawu amenewa ndinawamvapo kale kwa munthu wina, ndipo zimene zinatsatira sindidzaziiwala.

Mu Disembala 2023 ng'ombe yakuda ija tinkaitcha Bulaki inabereka thole lamphongo, lokongola zedi. Ng'ombeyo siinali yanga, inali ya achimwene anga a ku Ndirande, ine ndinkangosunga. Chaka chimenecho mukuchikumbuka nonse. Mvula inadula mu Januwale ndi Febuluwale 2024, chimanga chinafota chili chiimire, mpaka mu Malichi a Pulezidenti Chakwera analengeza kuti m'maboma 23 mwa maboma 28 mwagwa tsoka. Anthu tinkalira za nsima, koma msipu nawo sunakule. Pofika Juni ndinaona kuti Bulaki wayamba kuonetsa nthiti, mafupa a m'chiuno atuluka, linunda layamba kuphwa. Ndinaimba foni. Ndinati, "Achimwene, thole lija tilichotse kwa make, ng'ombeyi ikutha." Iwo anakana. Anati akufuna thole linenepe ndi mkaka kuti adzaligulitse bwino pokonzekera ukwati wa mwana wawo. Ng'ombe ndi yawo, ndiponso ndi akulu anga. Ndinakhala chete.

Apa ndiye pamene ndinalakwa ine. Ndikanalimbikira, kapena ndikanawauza kuti akwere minibasi adzaone ndi maso awo. Pa chithunzi cha pa WhatsApp ng'ombe iliyonse imaoneka yonenepa.

Mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, Bulaki anapita kukamwa madzi kudambo, miyendo inatitimira m'matope, n'kugwa. Tinamukoka anthu 6. Tinafika naye kukhola koma sanaimenso. Tsiku lachitatu tinangomuzinga kuti asafe yekha, ndipo nyama yake inali yoti munthu ukuchita manyazi kuitchula mtengo. Thole lija linasiya kuyamwa tsiku lomwelo, mwadzidzidzi, mwezi woipitsitsa pa chaka, lisanazolowere madeya. Linapulumuka, koma mpaka lero ndi lopinimbira. Ng'ombe yanga yofiira, imene inabereka mwezi womwewo, ndinaichotsera mwana mu Juni. Inakwera thupi pang'ono ndi mapesi, mu Ogasiti inafuna nkhunzi, mu Meyi 2025 inabereka. Khola limodzi, dambo limodzi, m'busa mmodzi.

Ndiye maganizo anga ndi awa, ndipo amene akutsutsa atsutse, sindikwiya. Nthawi yoletsa thole kuyamwa isamachokere pa chisoni, komanso isamachokere kwa mwini ng'ombe amene ali pa foni m'tauni. Ichokere pa thupi la make ndi pa chakudya chimene chilipo. Alangizi a ziweto amati miyezi 6 mpaka 8 ndiye nthawi yabwino kwa ng'ombe za nyama, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Koma pakati pa 6 ndi 8 pali miyezi iwiri yathunthu, ndipo amene amasankha tsiku ndi nthiti za make. Ukaima chapatali n'kumatha kuziwerenga bwinobwino, usadikirenso. Chaka cha msipu wambiri, ng'ombe ili yosalala, ukhoza kufika 8 popanda vuto.

Taganizani izi. Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9. Ngati inakweredwa mu Malichi kapena Epulo, ndiye kuti mu Ogasiti ikudyera atatu: iyo yomwe, wam'mimba, ndi uyu wamkulu akukoka mawere. Kudya kwake ndi udzu wouma. Ngati siinakweredwe, ndiye vuto lina: ng'ombe zathu zachikudazi, zamalinundazi, zikamayamwitsa uku zili zoonda zimachedwa kufuna nkhunzi. N'chifukwa chake mumadabwa kuti ng'ombe yanu ikubereka kamodzi pa zaka ziwiri, n'kuyamba kuganiza kuti amene akusungayo akukubisirani ana. Eee, mawu amenewo timawamva, ngakhale simutiuza pamaso. Mwana amene simukumuonayo sanabedwe ayi, sanabadwe n'komwe.

Zoti adzasiya yekha n'zoona mbali ina. Ng'ombe imafika pomukankha mwana wake, koma nthawi zambiri zimachitika thole litayandikira chaka, ndipo ena amayamwabe mpaka m'bale wake atatsala pang'ono kubadwa. Makolo athu ankatha kudikira chifukwa kunali madambo aakulu. Kuno kwathu lero dambo lija ndi madimba a tomato ndi mpiru, kwina maenje a njerwa, ndipo mapuloti akuchokera ku Machinjiri akungobwerabe. Kaudzu kotsalako anyamata osaka mbewa amakatentha mu Ogasiti. Ife si a ku Chikwawa kapena ku Nsanje kumene munthu amakhala ndi ng'ombe zodzaza khola, imodzi ikafa n'kungopukusa mutu. Ife kuno ng'ombe zitatu ndiye banki yonse.

Chifukwa chimene ndimakondera Juni ndi Julaye n'choti ndi nthawi imene mlimi ali ndi kanthu m'manja. Takolola, mapesi alipo, zotsalira za mtedza zilipo, kuchigayo madeya sanakwere mtengo kwenikweni chifukwa aliyense akukonola. Amene anadzala nsenjere m'mbali mwa dimba kapena lukina m'malire a munda, ameneyo ali pabwino. Thole likasiya kuyamwa nthawi imeneyi limakhala ndi miyezi itatu yozolowera kudya palokha dzuwa la Okutobala lisanafike, make nayenso amapeza mpata wobwezera thupi. Ukadikira mpaka Seputembala, madeya omwewo anthu ayamba kuwafuna kuti asakanize ndi ufa, ndiye upikisana ndi ana ako.

Koma ndisanamize anthu, kufulumira nakonso kumapha. Kuli ena amachotsa thole la miyezi itatu chifukwa akufuna mkaka wonse ukagulitsidwe kumatiyirumu. Kamwana koteroko mimba yake siinakhwime, kamatupa mimba, ubweya n'kuima, kenako kutsegula m'mimba. Ine ndisanachotse ndimayamba ndaona ngati thole likudya msipu mwakhama ngati zinzake zazikulu, komanso ngati likagona likubzikula. Lodwala kapena lofooka sindilichotsa, ndimayamba ndalithandiza, ngakhale zitanthauze kuti make ndimupatse madeya apadera. Thole lobadwa mochedwa, mwina mu Epulo, limenelo ndiye mutu umandipweteka, chifukwa miyezi yake 6 imakwanira pa Okutobala penipeni. Pamenepo palibe njira yabwino, pali kusunga mapesi ambiri basi.

Mmene ndimachitira ine ndi motere. Kukatsala masabata atatu ndimayamba kuwaikira madeya pang'ono ndi kamchere m'kabeseni, adziwe kukoma kwake make adakali pafupi. Ndimaitana a vetenale adzapereke mankhwala a njoka zam'mimba, ndipo za nkhupakupa sindidumphitsa. Tsiku likafika ndimadula khola pakati ndi mitengo yolimba, thole uku make uku, azionana ndi kununkhizana koma mutu usalowe. Kale ndinkapititsa thole kwa amalume kutsidya kuti lisamuone make. Ng'ombe inathyola khola usiku n'kukalipeza, itadutsa m'dimba la eni ake, ndipo mlandu wa kabichi ndinalipira ine. Chiyambire kudula khola pakati, kulira kumachepa ndipo thole limadya. Ena amapaka ndowe kumawere, ena amaveka thole kachinthu kaminga pamphuno kuti make azilikankha. Ndowe ikauma thole lanjala limayamwa ndithu. Zamingazo zimagwira, koma ndinaonapo mawere atachekeka, ndiye ine ayi.

Kulira kumakhalapo masiku atatu kapena anayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amagonja. Mayi a kunyumba kuno chaka choyamba anatsegula okha usiku, ati mtima sukuwapatsa tulo. M'mawa tinayambiranso pa chiyambi. Thole lisabwerere kwa make mwezi usanathe, apo ayi mkaka sunaume ndipo liyambiranso. Choncho mwezi wonsewo silipita kudambo ndi m'busa, pakuti kumeneko ng'ombe za mudzi wonse zimasakanikirana. Limakhala m'khola, madzi ndi chakudya ndikulipititsira. Ndipo musathene sabata yomweyo, kapena kuligulitsa kuti liyende ulendo wautali. Mavuto awiri pa kamwana kamodzi ndi ambiri.

Inu a m'tauni, chimene ndikupempha si chachikulu. Amene akukusungirani ng'ombe akakuimbirani mu Juni kuti thole lichoke kwa make, musayankhe msanga. Bwerani Loweruka, muime kumbuyo kwa ng'ombe yanuyo, muione m'chiuno. Kuchoka ku Ndirande kufika kuno si ulendo wogona panjira. Ndipo pobwera musaiwale ya madeya, chifukwa thole losiya kuyamwa limadya, ndipo wakhala akugula ndi ndalama yake ndi m'bale wanuyo osakuuzani.

Achimwene aja tinakhululukirana, ukwati unachitika ndi mbuzi ndi nkhuku. Limodzi mwa awiri ndikuchotsa sabata inoli ndi la ng'ombe yawo yatsopano, ndipo ulendo uno anayamba kuimba ndi iwo kufunsa ngati nthawi siinakwane. Anansi anga apafupi, kuyambira Lachinayi usiku mumva ng'ombe zikulira kwathu kuno. Si akuba, musadzuke ndi zibonga. Pofika Lamulungu mugona bwino.