Ana asukulu amene anabala chipani

Kwathu kuno tinazolowera kuti chipani amayambitsa ndi akuluakulu. Akakumbukira kuti pamsonkhano pafunika oimba ndi onyamula mbendera, m'pamene amakhazikitsa nthambi ya achinyamata. Ku Scotland anayamba ndi ophunzira, chipani chinachita kuwapeza.

Mu 1927, John MacCormick, mnyamata wophunzira zamalamulo payunivesite ya Glasgow, anasonkhanitsa anzake n'kukhazikitsa Glasgow University Scottish Nationalist Association. Apa n'kuti papita zaka 220 chiphatikizireni nyumba yamalamulo ya Scotland ndi ya England mu 1707, zonse zikugamulidwa ku London. Chaka chotsatira kabungwe ka ophunziraka kanali m'gulu la amene anayambitsa National Party of Scotland, ndipo mu 1934 chipanicho chinagwirizana ndi china n'kubala Scottish National Party, SNP imene timaimva masiku ano.

Anyamatawa analibe ndalama, analibenso phungu, koma anapeza potulukira. Pa mayunivesite akale a ku Scotland pali mpando wa Rector, womwe amavotera ndi ophunzira. Mu 1928 ku Glasgow anaimika mlembi R. B. Cunninghame Graham kuti apikisane ndi Stanley Baldwin, yemwe panthawiyo anali nduna yaikulu ya Britain yense. Baldwin anapambana, koma ndi mavoti 66 okha. Tangoganizani, munthu wolamula maiko ambirimbiri, kuphatikizapo Nyasaland wathu, kupulumukira mkamwa mwa mbuzi pachisankho cha ana asukulu! Mu 1931 anaimika mlembi wina, Compton Mackenzie, ndipo ulendo umenewo mpando anautenga.

Nkhani imene ndimaikonda ndi ya mwala. Mu 1296 mfumu Edward I ya England inalanda mwala wa ku Scone umene mafumu a Scotland ankalongedwerapo ufumu, n'kukauika pansi pa mpando wachifumu mu tchalitchi cha Westminster Abbey. Unakhala pamenepo zaka zoposa 650. M'mbandakucha wa tsiku la Khirisimasi mu 1950, achinyamata anayi, Ian Hamilton, Gavin Vernon, Alan Stuart ndi Kay Matheson, amene anachoka ku Glasgow pa timagalimoto tiwiri ta Ford Anglia, anatswa chitseko cha tchalitchicho n'kuusolola mwalawo. Ndi chimwala cholemera pafupifupi makilogalamu 150, ndipo pouzula chinasweka pawiri. Chidutswa chachikulu anachikoka pansi atachiika pajasi la Hamilton, n'kukachibisa kutchire ku Kent mpaka apolisi atazizira. Mwezi wa Epulo 1951 mwalawo unapezeka pa mabwinja a tchalitchi cha ku Arbroath, utalumikizidwa bwinobwino, utafunditsidwa mbendera ya Scotland. Boma linaubwezera ku London, koma palibe amene anazengedwa mlandu. N'zomveka: kukhoti akanayamba kufotokoza kuti mwalawo unafika bwanji ku England.

Anayiwa sanatumidwe ndi SNP. Ankatsatira MacCormick, yemwe anali atachoka m'chipanicho mu 1942 n'kuyambitsa gulu lake losainitsa anthu chikalata chofuna nyumba yamalamulo ya Scotland. Komabe mtima wake ndi womwewo wa mu 1927, wochita chinthu chimene akuluakulu akuchiopa n'kuwasiya azithamangira kufotokoza. Mwalawo unabwezedwa mwalamulo ku Scotland mu 1996 ndipo lero uli ku Perth.

Nthambi yeniyeni ya ophunzira a SNP inakhazikitsidwa mu 1961 pa dzina loti Federation of Student Nationalists, ndipo masiku ano imatchedwa SNP Students. Ndi yosiyana ndi nthambi ya achinyamata, Young Scots for Independence. Mukaona amene anadutsa m'magulu a ophunzirawa mungati n'kaundula wa chipani. Winnie Ewing, amene anagwedeza Britain popambana chisankho chapadera ku Hamilton mu 1967, anayambira m'bungwe la ku Glasgow lija. Alex Salmond analowa ali payunivesite ya St Andrews mu 1973. Nicola Sturgeon analowa chipani ali ndi zaka 16, n'kukapitiriza ndale akuphunzira zamalamulo ku Glasgow. Scotland itapezanso nyumba yamalamulo yakeyake ku Edinburgh, awiri omalizawa anadzatsogolera boma lake motsatizana, kuyambira 2007 mpaka 2023. Mu 2015 Mhairi Black, wazaka 20, asanamalize n'komwe mayeso ake, anagwetsa mkhalakale wa chipani cha Labour, Douglas Alexander, n'kukhala phungu ku London.

Anthu amawerenga maina amenewa monyadira. Ine ndimawawerenga ndi nkhawa pang'ono. Salmond polowa mu 1973, kukhala wa SNP sikunkalonjeza ntchito iliyonse. Chipanicho chinali ndi aphungu owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Munthu ankalowa chifukwa nkhani yodzilamulira yamukhudza basi. Koma wophunzira amene anabadwa mu 2005 wakula osadziwa boma lina ku Edinburgh kupatula la SNP. Kwa iye, nthambi ya ophunzira ingathe kukhala makwerero: lero ukugawa timapepala pakhomo la laibulale, mawa uli mu ofesi ya phungu, mkuja dzina lako lili papepala lovotera. Wokwera makwerero sagwedeza khoma limene watsamiza makwererowo.

Ndiye taganizani za mtsikana amene wakhala patebulo la SNP Students sabata yolandira ophunzira atsopano, wayala mabaji ndi kope lolemba maina. Iye akufuna kukamba za ufulu. Mnzake amene waima kutsogoloko akumufunsa za kukwera kwa lendi ndi mizere ya kuchipatala, zinthu zimene boma la chipani chake limayenera kuyankha. Ali nalo yankho limodzi lamphamvu, loti ana a ku Scotland salipira fizi pa mayunivesite akwawo pomwe a ku England amalipira mapaundi oposa 9,000 pachaka. Koma yankho limenelo ndi loteteza boma, si la munthu woukira.

Ifenso tinaziwona mwa njira yathu. Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume anabwera kuchokera ku Fort Hare ndi Makerere ali amoto, nakankha Nyasaland African Congress kuti isiye kunyengerera atsamunda. Patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu mu 1964, iwowo anali kunja kwa boma, ndipo achinyamata a chipani anapatsidwa ntchito yosaka otsatira awo. Ku Scotland kulibe zikwanje kapena zibonga, tisafananitse mopyola muyeso. Chimene chikufanana n'chakuti chipani chikalawa ulamuliro chimayamba kukonda wachinyamata womvera kuposa wovuta.

Chovuta china n'chakuti ufulu wa Scotland sunabwere. Pa riferendamu ya pa 18 Sepitembala 2014, pamene a zaka 16 ndi 17 analoledwa kuvota, 55 peresenti anakana kuchoka mu United Kingdom. Mu Novembala 2022 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti nyumba yamalamulo ya ku Edinburgh singaitanitse riferendamu ina popanda chilolezo cha London. Pachisankho cha 2024 aphungu a SNP ku London anatsika kuchoka pa 48 amene anapambana mu 2019 kufika pa 9. Mhairi Black sanaimenso, ati malowo anamutopetsa, pomwe Douglas Alexander anabwerera kunyumba yamalamulo kudzera dera lina.

Mwina kugwa kumeneku kuthandiza nthambiyi kuposa zaka zonse za kupambana. Mipando ikachepa, ofuna ntchito amayamba okha kusowa pamisonkhano, ndipo ndikufuna ndione kuti otsalawo adzayerekeza kuuza mtsogoleri wa chipani John Swinney chiyani chimene iye sakufuna kumva.