Pantchito ndi Pakhomo: Dzulo Mnzawo, Lero Kapitawo

M'masitolo ndi m'mafakitale a ku Limbe, amene amakwezedwa kukhala kapitawo nthawi zambiri ndi yemwe dzulo lomweli amadyera limodzi pachiwaya ndi anzakewo. Apa mpamene pamavuta. Mukalekerera, katundu amayamba kusowa. Mukamakalipa, anthu amakuzembani.

Yambani ndi kugawa ntchito momveka: uyu achite chakuti, amalize nthawi yakuti. Wina akalakwitsa, musamudzudzule pamaso pa makasitomala. Muitanireni pambali, mumve kaye mbali yake. Mwina wachedwa chifukwa mwana wagonekedwa kuchipatala, kapena maminibasi a ku Bangwe avuta. Lamulo la ntchito la 2000 limati munthu asachotsedwe ntchito chifukwa cha khalidwe lake asanapatsidwe mwayi wodziteteza.

Lamulo lomwelo limaika maola 48 pa mlungu ngati malire a nthawi yogwira ntchito. Lemekezani malirewo, chifukwa wotopa ndiye amavulala ndi makina komanso kusokoneza ndalama.

Inunso musadziunjikire zonse. Mutu umodzi susenza denga. Phunzitsani wina kutseka sitolo, mufike kunyumba ana asanagone. Mkwiyo wa kuntchito usamathere pa banja lanu.