Ululu Wopanda Bala Si Bodza

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri m'makomo, kuntchito, ngakhale m'makonde a zipatala: "Amuunika, sanapeze kanthu. Akungodzidwalitsa ameneyo." Mayi wakhala akudandaula msana zaka zitatu, makina ounikira m'thupi sakuonetsa fupa lothyoka, abale ayamba kunong'onezana kuti ndi ulesi. Kwa iwo ululu umayenderana ndi bala: bala likakula, ululu ukula, bala likasowa, wodwalayo akunama. Maganizo amenewa ndikuwakana, ndipo mboni yanga ndi ntchito ya Ronald Melzack, katswiri wa ku Canada yemwe anabadwira ku Montreal mu 1929 n'kumwalira mu 2019.

Chikhulupiriro chimenechi n'chakale. René Descartes, m'buku lake lomwe linatuluka m'Chifalansa mu 1664, anayerekezera ululu ndi chingwe cha belu: moto ukakhudza phazi, chingwe chikokedwa, belu lilira mu ubongo. Madokotala anayenda ndi chithunzi chimenechi zaka mazana atatu.

Melzack atamaliza maphunziro ake pa yunivesite ya McGill mu 1954, anakagwira ntchito ku Oregon, komwe anakumana ndi anthu odulidwa miyendo akulira kuti phazi likuwotcha. Phazi lake liti? Linachotsedwa kale. Chikhala kuti ululu ndi chingwe chochokera pabala, kudula mwendo kukanathetsa zonse. Mbali inayo, dokotala Henry Beecher anali atalemba kale za asilikali ovulala kwambiri pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, omwe ambiri mwa iwo sanapemphe mankhwala opha ululu. Uku bala lalikulu koma ululu wochepa, uko mwendo palibe koma ululu wosagonetsa.

Mu 1965, Melzack ndi mnzake Patrick Wall wa ku England anafalitsa yankho lawo m'magazini ya Science. Anati m'mitsempha ya mumsana muli ngati chipata. Uthenga wochokera pakhungu umayamba wafika pachipatapo usanakwere ku ubongo. Mitsempha ing'onoing'ono yonyamula uthenga wa kuvulala imatsegula chipata, pamene ikuluikulu yonyamula uthenga wa kukhudza imachitseka. Ubongo nawo umatumiza mawu ake kutsikira pachipata chomwecho, moti mantha, nkhawa ndi zimene munthu anakumana nazo kale zimatha kuchikankha kapena kuchikoka. Mayi aliyense amene anasisita bondo la mwana wogwa, mwanayo n'kutonthola, anatsekapo chipata chimenechi ndi dzanja lake.

Ena anena kuti: "Ndiye mwavomera kuti zili m'mutu." Ayi. Ululu uliwonse, ngakhale wa fupa lothyoka, umamveka chifukwa ubongo wagwira ntchito. Ubongo ndi chiwalo monga chiwindi ndi mtima. Mitsempha ikazolowera kukuwa, imatha kupitiriza bala litapola kalekale, ndipo wodwalayo sangailetse mwa kungofuna.

Enanso akumbutsa kuti akatswiri otsatira anapeza zolakwika pa kalumikizidwe ka mitsempha komwe Melzack ndi Wall anajambula. N'zoona, zina zinakonzedwa. Koma mfundo yaikulu, yakuti thupi limachulukitsa kapena kuchepetsa uthenga wa ululu uli m'njira, inakhazikika, ndipo pa iyo panamangidwa kachipangizo ka TENS kamene kamachepetsa ululu ndi timagetsi tofooka pakhungu.

Chimene ndimamulemekezera kwambiri Melzack n'chakuti anatchera khutu. Anasonkhanitsa mawu amene odwala amafotokozera ululu wawo, monga kuwotcha, kubaya, kugunda ndi kufinya, ndipo mu 1975 anatulutsa McGill Pain Questionnaire, mndandanda wa mawu 78 womwe unamasuliridwa m'zinenero zambiri. Anaonetsa kuti mawu a wodwala ndi umboni woyenera kulembedwa ndi kuyezedwa. Lero bungwe la World Health Organization, m'kaundula wake wa matenda amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, limazindikira ululu wopitirira miyezi itatu ngati vuto loima palokha.

Choncho, inu a dokotala ndi anamwino, makina akapanda kuonetsa kanthu musatseke buku. Funsani wodwala kuti ululuwo ukumveka bwanji, unayamba liti, umakula nthawi yanji. Inu olemba anthu ntchito, musafulumire kutchula ulesi. Inu apabanja, mperekezeni m'bale wanu kuchipatala kachiwiri, kachitatu, mpaka athandizidwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Munthu akakuuzani kuti akumva ululu, yambani mwamukhulupirira.