Galu Wathu wa m'Mudzi Samva Ndodo

Kuno kwa Nyalugwe, nyumba yopanda galu siicedwa kudziwika, pakuti anyani ndi nguluwe zimakolola cimanga mwini munda asanalawe. Agalu athu ndi aja ofiirira, oonda m'ciuno, a makutu oimirira, amene akatswiri a ziweto awacha dzina lakuti Africanis. Makolo athu anawasunga cifukwa ca uzimba, ndipo ku uzimba galu amatsogola yekha m'thengo, nasankha yekha mkwita woti autsate. Galu wotere anabadwa kuti azidziganizira. Anzake a ku Congo, ochedwa Basenji, amene sauwa konse, ali ndi mtima womwewo.

Ife tinaphunzira zimenezi mwamanyazi. Tinali ndi galu dzina lake Adzalema (paja maina a agalu kwathu kuno ndi makalata opita kwa anansi). Tsiku lina anagwira mbuzi ya mnzathu wa mumphakati, nayithyola mwendo. Mlandu unakafika kwa anyakwawa, ife tinalipa, ndipo pa Sande pamene tinaima kutsogolera mapemphero, maso athu anali pansi. Galuyo tinamkwapula kwambiri. Zotsatira zake? Akamva mau athu ankathawira kuseri kwa nkhokwe, koma mbuzi sanasiye kuzithamangitsa. Anangophunzira kucita tikacokapo.

Mkulu wina wodziwa uzimba ndiye anatitsegula maso. Anati ndodo yofika mocedwa galu saidziwa cifukwa cake. Amangoona kuti mbuye wake ndi woopsa. Kuongola mtengo m'poyamba. Kagalu kamazolowera dziko lake pa masabata 12 oyambirira, ndipo nthawi imeneyo kazigona pafupi ndi khola, kazinunkhiza mbuzi ndi nkhuku tsiku ndi tsiku kufikira katazitenga ngati abale ake.

Tinayesa pa mwana wa Adzalema. Cakudya ankalandira kucokera m'dzanja la munthu mmodzi, atayamba wamva mluzu. Mluzuwo unali umodzi, liu loletsa linali limodzi, ndipo ana onse m'nyumba tinawauza kuti asasinthe. Apa ndipo pagona bvuto m'mabanja ambiri: bambo aletsa, mwana aseka, mai aponya mkute, tsono galu wanzeru amasankha lamulo lomkomera. Poyamba tinkayenda naye pa cingwe pakati pa mbuzi, kanthawi kocepa cabe, cifukwa galu wamtunduwu amatopa msanga ndi kubwereza. Akabwera titamuitana, ngakhale atacedwa, sitinammenye. Izi zinali zowawa kwa ife, poti dzanja linali litazolowera.

Tisaiwalenso katemera wa ciwewe, amene kagalu kamalandira pa miyezi itatu. Funsani alangizi a ziweto. Ciwewe cikaonekera mwa munthu sicicizika. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, nathamangire ku cipatala tsiku lomwelo. Galu wozolowera dzanja sabvuta kumgwira pa tsiku la katemera, pamene womenyedwa amakhala atalowa kale m'thengo.

M'buku la Tobiti timawerenga za galu amene anatsagana ndi Tobiya ndi mngelo Rafaele pa ulendo wao wautali, nabwerera nao kwao. Wathuyu sanafikepo pamenepo. Akaona kalulu, mluzu woyamba amaumva ngati mphepo ya ku Luangwa, ndipo amatembenuka pa waciwiri. Koma mbuzi za mnzathu uja zimadya msipu pafupi ndi mphuno yake, iye ali gone.