Za M'nyumba: Mabatani a Juzi

Mwezi wa Juni ndi wa Julayi chiperoni chikakuta minda ya tiyi kuno ku Thyolo, timaona ana akunjenjemera, juzi ziri yasa pachifuwa. Tsono mukatha kuluka, musayese kuti nchito yatha.

Choluka chimatamuka, batani losokerapo chisokeresokere limang'amba juzi. Yambani mwasokera kansalu kolimba kuseri kwa mphepete mwake. Lembani malo moyang'anana ndi bowo liri lonse. Posoka, gonekani kamtengo ka machesi pansi pa batani, kuti likhale ndi khosi. Mukatha kasolole, nimukulunge ulusi pakhosipo. Limbitsani ndithu, pakuti khanda silichedwa kumeza batani logwedera.

Tisadikire chisanu kuti chitikumbutse. Tisokeretu kukali kofunda.