Union Ndi Yathu, Si Nthambi ya Chipani

Uthengawu ndi wautali pang'ono, koma werengani mpaka pansi musanautumize kwina. Nkhani yake ndi ya anthu amene timawavotera kuti atiyankhulire.

Yendani madzulo m'midzi yozungulira Bunda mpaka pa Mitundu. Mupeza ophunzira a yunivesite akukhala anayi m'kachipinda ka lendi, matiresi pansi, mabuku pa chidebe. Mesho wina akupemerera mbaula kuti aphike soya pieces, ndipo makala ali pa mbaulapo atsika pa njinga kuchokera ku Dzalanyama. Mwina mwini mbaulayo m'mawa anali m'kalasi kuphunzira za kasamalidwe ka nkhalango. Akudziwa bwino lomwe kuti mtsinje wa Lilongwe, womwe umamwetsa mzinda wonse, umachokera m'nkhalango yomweyo. Koma atani? Loni sinatuluke, kwawo ku Nathenje chimanga chinatha kalekale, mawa kuli mayeso. Ndiye mufunseni kuti mavuto akewa amakawanena ndani pamalo pomwe zinthu zimagamulidwa. Ambiri angoseka. Ena akuuzani kuti pulezidenti wa union anamuona komaliza pa nthawi ya kampeni.

Kusekako ndi kumene kwatipangitsa kulemba.

*Kale mawu a wophunzira ankalemera*

Mu March 1992 mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, akuluakulu ambiri anakhala chete chifukwa cha mantha. Ophunzira a ku Chancellor College anatuluka pa msewu ku Zomba kugwirizana ndi mabishopuwo, koleji n'kutsekedwa. Pa 14 June 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri. Ufulu umene tikulembera uthengawu pa WhatsApp unadutsa m'mapazi mwa ana a sukulu ngati ife.

Mtengo wake sunali wochepa. Mu December 2001 wophunzira wa ku Chancellor College, Fanikiso Phiri, anamwalira ataomberedwa ndi apolisi pa zionetsero ku Zomba. Mu 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa mphunzitsi Blessings Chinsinga chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, ndipo mkangano wa ufulu wa maphunziro unayimitsa Chanco miyezi yambirimbiri. Pa 24 September chaka chomwecho Robert Chasowa anapezeka atafa pa Polytechnic. Apolisi anati wadzipha. Mu 2012 bungwe lofufuza lomwe linatsogoleredwa ndi Justice Andrew Nyirenda linapeza kuti anachita kuphedwa.

Mayina amenewa sitikuwatchula kuti tilire. Tikuwatchula kuti aliyense wofuna mpando wa union adziwe kuti mpandowo anthu anaufera, si wokongoletsera CV.

*Anatigawa, ife n'kugona*

Kale yunivesite ya boma yaikulu inali imodzi, University of Malawi, ndipo pansi pake panali Chancellor College, Polytechnic, Bunda, Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Koleji iliyonse inali ndi union yake, koma onse ankakumana mu UMSU. Council inali imodzi, ophunziranso ankaipitira ndi pakamwa pamodzi.

Mu 2012 Bunda inachoka n'kukhala LUANAR. Mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, makoleji awiri a zaumoyo n'kukhala KUHeS, Chanco n'kutsala ndi dzina la UNIMA. Kuphatikizapo Mzuni ndi MUST, tsopano mayunivesite a boma alipo 6. Sitikunena kuti kugawako kunali koipa. Sukulu zakula, mapulogalamu achuluka. Koma taonani chimene chinachitikira wophunzira. Boma likadali limodzi. Unduna ndi umodzi. Treasury ndi imodzi. NCHE yoyendetsa masankho opita ku yunivesite ndi imodzi. Loans Board, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ndi imodzi. Amene tinagawikana pasanu ndi kamodzi ndi ife tokha, aliyense ndi kalendala yake, aliyense ndi memo yake.

Zotsatira zake tinaziona. Mu 2016 Council ya UNIMA itakweza fizi kufika pa K400,000, makoleji anadzuka nthawi imodzi. Ku Zomba msewu unatsekedwa mpaka ulendo wa Jill Biden, mkazi wa wachiwiri kwa pulezidenti wa America pa nthawiyo, unasokonekera. Pulezidenti Peter Mutharika anakumana ndi atsogoleri a ophunzira, fizi n'kutsika ndi K50,000. Zinali zochepa, inde, koma zinatsika. Mu 2023 fizi inakweranso. Ku UNIMA inachoka pa K350,000 kufika pa K650,000, ku KUHeS inafika pa K1 miliyoni. Yunivesite iliyonse inalengeza payokha, ophunzira ake n'kulira paokha. Mu November chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, lendi n'kukwera, ufa n'kukwera, kabaza n'kukwera. Kodi makolo olima fodya ndi mtedza ku Mitundu ndalama zawo zinakwera nazo?

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Fizi ikakwera ku Zomba inu a ku Bunda n'kumati sizikutikhudza, dziwani kuti memo yanu ili kale pa kompyuta, ikungodikira siginecha.

Anzathu a ku South Africa anatisonyeza njira mu October 2015. Zinayambira ku Wits, koma sizinathere ku Wits. Masukulu a dziko lonse anadzuka sabata zomwezo, ndipo Jacob Zuma analengeza kuti fizi sikwera mu 2016. Yunivesite imodzi ikanatha kutsekedwa n'kuiwalika. Zonse pamodzi sizikanatheka.

Tikudziwa kuti mgwirizano wa ma union a mayunivesite a boma, MAPUSU, ulipo. Sitikulimbana nawo. Tikufuna ukhale ndi mano. Koma tiyankhane moona: pa gulu lino ndi angati anawerengapo malamulo ake? Ndi angati akudziwa mmene atsogoleri ake amasankhidwira? Bungwe limene eni ake sakulidziwa, a ku Capital Hill aliopa bwanji?

*Mmene union imafera*

Union sifa tsiku limodzi. Imayamba kudwala pa kampeni.

Matenda oyamba ndi chipani. Tonse timawadziwa ma wing a zipani pa kampasi, a mitundu yonse, palibe woyera apa. Munthu kukhala wa chipani ndi ufulu wake. Vuto limayamba pamene wopikisana wosauka ngati ife tomwe, amene dzulo tinagawana naye bonya, lero ali ndi ma T-shirt, zoimbira ndi makatoni a mowa. Ndalamazo zagwa kumwamba eti? Wopereka amafuna kubwezeredwa. Chipani chake chikakhala m'boma, union imatseka pakamwa. Chikakhala chotsutsa, union imatitulutsa pa msewu pa tsiku lokomera chipanicho, osati lokomera ife. Uku ndi uku wophunzira wangokhala makwerero.

Matenda achiwiri ndi mabanzi. Kamsonkhano ka kunyanja, ka alawansi, chipinda chabwino ku hostel pamene anzake akugona kumudzi. Palibe amakuuza kuti khala chete. Amangokuzoloweretsa mpando wofewa, mpaka tsiku lina umapezeka ukuuza anzako kuti "timvetsetse, ma guy, zinthu zavuta kulikonse". Tinakutuma kukanena zathu kwa akuluakulu, iwe wabwerako ukunena za akuluakulu kwa ife. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Matenda achitatu ndi mantha, ndipo apa sitinyoza munthu. Mtsogoleri wa ophunzira amakangana ndi anthu omwewo amene ali ndi mphamvu yomuitanira ku komiti ya chilango. Kwawo ndi iye yekha amene anafika ku yunivesite, mudzi wonse ukumuyang'ana. Kalata imodzi yomuimitsa sukulu, zaka zinayi zapita m'madzi. Ngati ife omutuma timathawa iye akaitanidwa, tisadabwe akamagwada.

*Nafenso tili ndi mlandu*

Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye timvane. Timavotera munthu chifukwa ndi wa kwathu, wa mpingo wathu, kapena anatigulira chakumwa usiku wa manifesto. Msonkhano waukulu wa ophunzira ukaitanidwa, holo imakhala ya mipando yokhayokha, koma kukakhala disco malo amasowa. Ndalama ya union timalipira, koma lipoti la mmene yayendera sitilifunsa. Atsikana timawasiyira mipando yachiwiri ngati kuti nkhani ya aphunzitsi ofuna chibwenzi posinthana ndi malikisi, kapena ya chitetezo cha wobwerera kumudzi usiku kuchokera ku laibulale, si nkhani ya union.

Ndiye zikafika pakhosi timathamangira miyala. Magalasi a laibulale aphwanyika, golosale ya mayi wa pa msika yathyoledwa, sukulu yatsekedwa. Akuluakulu malipiro awo akulandirabe. Ife tili kumudzi miyezi, digiri ya zaka zinayi ikutenga zisanu, pobwerera atiuze kuti aliyense alipire zowonongeka. Ndipo pa wailesi nkhani sikhalanso ya fizi, imakhala ya "ana osokoneza". Mwala umene waswa galasi wapulumutsa bwana amene analibe yankho.

Ena amati munapita kukaphunzira, ndale zisiyeni. Ifenso tikufuna kuphunzira, n'chifukwa chake tikuyankhula. Amene wabwezedwa pa khomo la mayeso chifukwa cha balansi ya fizi aphunzira bwanji? Kufunsa kuti loni ituluka liti si ndale za chipani. Ena amati boma lilibe ndalama. Chabwino, tiyikireni mabuku pa tebulo tiwerengere limodzi. Tili ndi ophunzira za chuma, za malamulo, za akaunti. Manambala sitiwaopa.

*Zimene tikufuna*

1. Woimira ophunzira mu Council ndi mu Senate ya yunivesite iliyonse ya boma akhale wosankhidwa ndi ophunzira, wokhala ndi voti, ndipo asatulutsidwe panja nkhani ya fizi ikayamba.

2. Fizi isakwere popanda kukambirana ndi ophunzira poyera, semesita yathunthu isanafike, ndipo loni ndi ndalama ya upkeep ziunikidwe nthawi yomweyo.

3. Mgwirizano wa ma union onse 6 uzindikiridwe mwalamulo, ukhale ndi mpando wa voti ku Loans Board, ndipo uzikumana ndi komiti ya zamaphunziro ya ku Nyumba ya Malamulo bajeti isanadutse.

4. Aliyense wopikisana pa mpando wa union aulule komwe kwachokera ndalama za kampeni yake. Wokhala ndi udindo mu wing ya chipani atule kaye udindowo.

5. Union iliyonse izitulutsa lipoti la ndalama semesita iliyonse, lipachikidwe pa bolodi ndi kutumizidwa m'magulu a makalasi.

6. Mtsogoleri wa ophunzira asalangidwe chifukwa choyankhula. Akaitanidwa ku komiti ya chilango aloledwe kupita ndi womuimira, ndipo mlandu wake ulembedwe poyera.

7. Okhala kunja kwa kampasi, a ODL, ndi ophunzira aulumali akhale ndi owaimira awoawo mu union.

*Choti muchite inu*

Funsani malamulo a union yanu, muwerenge. Fufuzani ndime yonena za kuitanitsa msonkhano waukulu ndi yochotsera mtsogoleri amene wasiya ntchito yomwe tinamutuma. Nthawi ya kampeni ikafika, mfundo zisanu ndi ziwirizi muwerengereni wopikisana aliyense pamaso pa anthu, ayankhe inde kapena ayi, ndipo mujambule. Mowa wake mukafuna imwani, koma voti ndi yachinsinsi.

Dziwaninso zida zomwe tili nazo kale. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo yunivesite ya boma imayendera misonkho ya makolo athu. Lembani kalata, pemphani bajeti, pemphani zimene Council inagwirizana pa fizi, sungani kope yodindidwa. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limatipatsa ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida. Lamulo la apolisi limafuna kuti tidziwitse a DC kukadali maola 48. Ndi kudziwitsa, si kupempha chilolezo. Tikatuluka tituluke mwadongosolo, ndi otiyang'anira athu, ndi chikalata cha madandaulo m'manja, ndipo woponya mwala timugwire tokha.

Kwa inu amene muli pa mipando panopa: sitikudana nanu. Ena mwa inu mukuyesetsa, tikuona. Mukaima nafe, tsiku loitanidwa ku ofesi simudzapita nokha, tidzakhala panja pa khomo mpaka mutatuluka. Koma mukasankha mabanzi, tidzaitanitsa msonkhano, tidzawerenga ndime ija, mpando tidzatenga. Ndi wathu, tinangokubwerekani.

Tumizani uthengawu ku gulu la kalasi yanu, la hostel yanu, ndi kwa mnzanu mmodzi wa yunivesite ina. Mumufunse kuti kwawoko fizi ndi zingati, loni inatuluka liti, union inanena chiyani. Mayankhowo bweretsani pa gulu lino, tiwaike pamodzi.

Aluta continua.